Kachitini kabuluu si sing'anga wa mfuti

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga ndipo lero ena mwa inu muli mu yunifolomu, pali chikhulupiriro china chimene chafala pakati pathu ngati chimfine cha mu Juni. Akuti kachitini ka WD-40, kapena mnzake wa ku South Africa uja Q20, ndi mankhwala a chinthu chilichonse chachitsulo. Loko akalimba, poperani. Tcheni cha njinga chikayamba kulira, poperani. Makina osokera a mayi akamalemera, poperani. Zonsezi ndimazipirira, chifukwa tcheni chikadyeka mugula china pamsika, palibe amene wafa. Koma tsopano ndikumva anthu ophunzira ndithu, a satifiketi ya MSCE m'thumba, akunena mosachita manyazi kuti mfuti ikawombedwa ingofunika kuipopera m'mpope, kuipukuta kunja, n'kuikoleka. Apa ndiye sindingakhale chete. Mafuta amenewa sanapangidwire kutsuka mpope wa mfuti, sachotsa litsiro loopsa kwambiri limene limakhalamo, ndipo munthu amene amawadalira akudzinamiza pa chinthu chimene tsiku lina chidzafunika kugwira ntchito moyo wake uli pachiswe.

Wina afunsa kuti mphunzitsi wa choko nkhani ya mfuti yamukhudza pati. Werengani ana amene tinawatulutsa mu Fomu 4 zaka khumi ndi zisanu zapitazi. Angati anapita ku MAFCO ku Salima? Angati ali kupolisi? Angati akulondera njovu ku Liwonde, ku Majete ndi ku Nkhotakota? Onjezani alonda a m'maesiteti, ndi achikulire akumudzi amene ali ndi mfuti ya chilolezo yothamangitsira nguluwe ndi anyani m'munda. Akulu a asilikali ali ndi malamulo awo a kasamalidwe ka zida, ndipo sindikuwaphunzitsa ntchito. Ndikulimbana ndi njira yachidule imene munthu amaitenga akakhala yekha, atatopa, kachitini kali pafupi. Komanso nkhani yonseyi ndi Chemistry ndi Physics ya Fomu 3, imene kale tinkaitcha Physical Science. Ngati ana athu sakuizindikira ikawapeza kuntchito, ndiye kuti funso likubwerera kwa ife.

Tiyambe ndi kachitiniko. WD-40 anamupanga mu 1953 ku San Diego, m'dziko la America, pa kampani yaing'ono ya Rocket Chemical Company. Zilembo ziwirizo zikuimira water displacement, kutanthauza kukankha madzi, ndipo 40 akuti ndi chifukwa anayesa kusakaniza maulendo makumi anayi asanapeze chimene ankafuna. Ntchito yake yoyamba inali kuteteza khungu la chida cha Atlas kuti lisachite dzimbiri. Anayamba kumugulitsa m'zitini zopopera kwa anthu wamba mu 1958. Pafupifupi theka la zimene zili m'katimo ndi mafuta opepuka, achibale a palafini, amene amauluka pakapita nthawi. Otsalawo ndi kaoyilo kochepa thupi. Mafuta ena olowerera, otchedwa penetrating oil, nawonso amapangidwa motero: opyapyala kwambiri kuti akwawe m'mipata imene oyilo wa galimoto sangalowe. Mwana aliyense amene anawerengapo pa koloboyi anaziona izi. Palafini amakwera yekha m'chingwe kuchoka m'botolo kufika pamoto, popanda womupopa. Ndi mmenenso mafutawa amalowera pakati pa nati ndi bawuti zimene zagwirana ndi dzimbiri. Pa ntchito imeneyo ndi akatswiri, ndipo amakanika sakulakwitsa kuwakonda. Kampaniyo ilibe mlandu. Mlandu uli ndi ife amene taona chinthu chikumasula nati n'kuganiza kuti ndiye chimachiza zonse, ngati mankhwala a m'basi aja ochiza mutu, msana, chabwela ndi kusowa ntchito botolo limodzi.

Tsopano tione chimene chimatsala m'mpope mfuti ikawombedwa. Anthu amangoti "yada", ngati kuti litsiro ndi limodzi. Mulipo mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi chousungunula chake.

Woyamba ndi mwaye wa wonga. Wofewa uja, wapamwamba, mafuta opepuka amaufewetsa ndithu, ndipo n'chifukwa chake kansalu kamatuluka kakuda munthu n'kusangalala kuti watsuka. Koma mwaye umene wapsereredwa pafupi ndi pamene chipolopolo chimayambira ulendo umauma ngati nkhoko za mumphika wa nsima, ndipo suchoka popanda burashi.

Wachiwiri ndi mkuwa. Zipolopolo zambiri za mfuti zazitali zimavala chikopa cha mkuwa, ndipo zikamadutsa m'mpope pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi zimasiya mkuwawo utapakika m'timizere tozungulira tija tam'kati. Mfuti imayamba kuphonya pang'onopang'ono mwini wake n'kumadzudzula maso ake. Mafuta a mtundu uliwonse sasungunula mkuwa. Mukhoza kuviika waya wa magetsi mu WD-40 chaka chathunthu, mudzamupeza ali momwemo. Chimene chimaudya mkuwa m'mankhwala ambiri otsukira mfuti ndi amoniya. Apa ndikufuna ana anga akale akumbukire tsiku la practical. Munkathira amoniya pang'onopang'ono m'madzi okhala ndi copper sulphate, poyamba munkabwera matope abuluu wotuwa, mukapitiriza kuthira ankasungunuka n'kusanduka buluu wakuya wokongola uja. Munkalemba m'kope kuti mwapeza ayoni ya mkuwa, n'kulandira mamalikisi awiri. Buluu yemweyo ndi amene amaoneka pa kansalu ka munthu wotsuka mfuti ndi mankhwala oyenera. Kansalu kakasiya kutuluka kabuluu ndiye kuti mkuwa watha. Mankhwala a amoniya nawonso sasiyidwa m'mpope usiku wonse, amapukutidwa pa nthawi imene opanga analemba pabotolo. Mfuti za timipira tambiri zija za alimi zilibe vuto la mkuwa kwenikweni, zawo ndi mtovu ndi pulasitiki, ndipo izi nazonso zimafuna burashi.

Wachitatu ndi umene wandilembetsa nkhaniyi, ndiye ndikhalapo pang'ono. Kumunsi kwa khoko la chipolopolo kuli kabatani kamene kamamenyedwa kuti kayatse wonga, azungu amati primer. Kwa zaka zambiri tinthu timeneti tinkapangidwa ndi potassium chlorate. Akapsa amasiya potassium chloride, amene ndi mchere, mphwake wa mchere wa m'ndiwo. Mcherewo umamwazika m'mpope monse. Aliyense amene anasiyapo mchere pambale m'dzinja akudziwa chimene umachita: umakoka chinyezi cha mumpweya mpaka kunyowa wokha. Chitsulo, madzi, mchere ndi mpweya, mwana wa Fomu 2 angakuuzeni zotsatira zake. Kwa nthawi yaitali asilikali a mayiko ambiri ankadabwa kuti mfuti aitsuka bwino, aipaka oyilo, koma pakapita masiku angapo m'kati mwachita dzimbiri. Ankaganiza kuti ndi asidi wa wonga amene amalowa m'chitsulo n'kumatuluka pang'onopang'ono. Mu 1922 katswiri wina wa boma la America, Wilbert Huff, wa ku Bureau of Mines, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti wolakwa ndi mchere uja, ndiponso kuti dzimbiri limapitirira kudya chitsulo pansi pa oyilo. Oyilo amangoufunditsa mcherewo bulangete. Sausungunula, chifukwa mchere susungunuka m'mafuta. Thirani supuni ya mchere m'mafuta ophikira, takasani mpaka dzanja liwawe, mudzaupeza pansi. Thirani m'madzi, wapita.

Azigogo athu amene anamenya nkhondo mu King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, ambiri sanafike ngakhale Sitandade 4, koma izi ankazichita. Mfuti yawo inali Lee-Enfield ya .303, ndipo zipolopolo zake zinali za mchere zomwezi. Lamulo la asilikali a Britain linali loti mukawombera, muzithira madzi owira m'mpope pogwiritsa ntchito fanulo. Madzi amatenga mchere, kutentha kumaumitsa chitsulo msanga, kenako mumakoka kansalu ndi chingwe chimene chinkasungidwa kuthako kwa mfuti pamodzi ndi kabotolo ka oyilo, n'kumaliza ndi kupaka oyilo pang'ono. Ena mwa iwo anafika mpaka ku Burma mu 1944, m'nkhalango za mvula yosakata, kumene chitsulo chimachita dzimbiri munthu akuyang'ana. Taganizani tsono: gogo wosadziwa kulemba potassium chloride ankauchotsa ndi ketulo, mdzukulu wake wa credit mu Chemistry akuufunditsa ndi kachitini ka ndalama zambiri.

Mwina munena kuti zimenezo n'zakale. Zoona, America inasiya timabatani ta mchere m'zipolopolo zambiri za asilikali chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo zipolopolo za alenje zogula m'sitolo masiku ano nthawi zambiri zilibe mchere. Koma mayiko a Soviet Union, China ndi anzawo a kum'mawa kwa Ulaya anapitiriza kupanga za mchere kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo zipolopolo zimakhala m'mabokosi zaka makumi ambiri zisanawombedwe. Pongoyang'ana ndi maso simungasiyanitse. Ena amati AK-47 siifuna kutsuka chifukwa mpope wake anaukuta ndi chrome. Anaukuta chifukwa cha mchere womwewo, ndipo utsi umadutsanso m'njira zina za mfutiyo zimene zilibe chrome. Onjezani nyengo yathu. Mlonda wa ku Thyolo kapena ku Mulanje nthawi ya chiperoni, kapena wa m'mphepete mwa nyanja mu Febuluwale, amakhala m'chinyezi chimene mchere umachikonda.

Ndisawaphere ufulu amene amatsutsana nane, chifukwa ali ndi mfundo ziwiri zomveka.

Yoyamba ndi yoti ku America kuli akatswiri a mpikisano wowombera amene amagwiritsadi ntchito mafuta olowerera otchedwa Kroil m'mipope ya mfuti zawo. Ndi zoona. Amati mafutawo amakwawira pansi pa mwaye ndi mtovu n'kuzitukula pang'ono. Sindikukana, ndi Physics ya koloboyi ija. Koma funsani chimene amachita pambuyo pake. Amapitiriza ndi burashi kapena phala lopalira, amadutsitsa timansalu tambiri mpaka titatuluka toyera, mkuwa amauchotsa ndi mankhwala ake, ndipo asanawombere amaumitsa mpope. Kwa iwo mafuta olowerera ali ngati kuviika mphika m'madzi usiku kuti nkhoko zifewe. Palibe mayi amene amaviika mphika n'kuphikiramo m'mawa osaukwecha. Anzathu kuno atenga kuviikako n'kusiya kukwecha.

Yachiwiri ndi ya ndalama, ndipo iyi ndimaimvera chisoni. Mankhwala enieni a mfuti alipo kuyambira kalekale. Hoppe's No. 9 anayamba mu 1903, Ballistol anamupangira asilikali a Germany mu 1904, ndipo asilikali a America ali ndi amene amamutcha CLP. Koma simungawapeze pa hadiweya ya pa Jenda kapena pa Nchalo, pamene WD-40 ali paliponse. Chabwino. Komabe tawerengani zimene gogo wa KAR ankagwiritsa ntchito: madzi owira, chingwe, kansalu koyera, oyilo wochepa. Pa zonsezi chokwera mtengo n'chiti? Kabotolo ka oyilo wa makina osokera n'kotsika mtengo kuposa kachitini kopopera, ndipo kamasiya mafuta okhalitsa pachitsulo. Amene ali m'gulu la asilikali, apolisi kapena a gemu ali ndi wosunga zida, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Kampani imene imapatsa mlonda mfuti koma osamupatsa burashi ndi oyilo woyenera ikusunga ndalama zochepa pa msana wa munthu wolandira malipiro ochepa kale. Vuto si umphawi wokha ayi. Kupopera n'kokoma, kumatenga mphindi imodzi, kumanunkhira ukhondo, ndipo chitsulo chimanyezimira. Kukoka kansalu kakhumi kumatopetsa.

Kusachotsa litsiro ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi zimene mafutawo amawononga akapopedwa mosasamala, chifukwa kachitini sikasankha kopita. Chipolopolo chikaphulika, mphamvu ya mpweya m'kachipinda kamene chimakhala imaposa ma bar 3,000 pa mfuti zambiri za asilikali. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa ma bar awiri kapena awiri ndi theka. Pa kanthawi kameneko khoko la chipolopolo limafufuma n'kugwira makoma a kachipindako, ndipo kugwirako kumathandiza kuchepetsa mphamvu yokankhira kumbuyo, kumene kuli nkhope ya wowombera. Mukanyowetsa makomawo ndi mafuta khoko limaterereka, mphamvu yochuluka n'kupita pa chotsekera. Anthu oyesa mfuti ku Britain ankadzoza zipolopolo oyilo mwadala pofuna kuti mphamvu yonse ikankhe kumbuyo poyeza. Chimene iwo ankachita poyesa kulimba kwa mfuti, wina akuchichita tsiku lililonse mosadziwa, pa mfuti yakale ya zaka makumi asanu. Mafuta ochuluka m'mpope momwemo amasokoneza chipolopolo choyamba, ndipo akachulukitsa akhoza kutupitsa mpope, popeza madzimadzi sapanikizika. Zimenezi tinaphunzitsa pa mutu wa mabuleki a galimoto.

Ndiye pali tizitsulo tam'kati, kasipuling'i ndi kamsomali komenya kabatani kaja. Mafuta opepuka akauluka, otsalawo amasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala n'kukhala phala. Kupopera kwa lero kumafewetsa phala la dzulo, munthu n'kuona ngati zili bwino, mpaka mfuti itakhala miyezi itatu osakhudzidwa. Thabwa la kuthako nalo likamamwa mafuta chaka ndi chaka limada, limafewa, n'kuyamba kung'aluka pamene lagwirana ndi chitsulo. Za zipolopolo ndinene mwachidule: opanga ake amachenjeza kuti zisakhudzane ndi mafuta, ndipo mafuta amene luso lawo ndi kulowa m'mipata yosaoneka ndi omaliza amene mungafune pafupi ndi wonga.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza awerenge za mfuti ya M16 ku Vietnam. Itayamba kugawidwa kwa asilikali ambiri a America cha m'ma 1965 ndi 1966, kunafala mbiri yoti ndi mfuti yodzitsuka yokha, ndipo ambiri anailandira popanda zida zotsukira zokwanira. Pa nthawi yomweyo akuluakulu anali atasintha mtundu wa wonga kupita ku wina wosiya mwaye wambiri, ndipo kachipinda ka chipolopolo sanakakute ndi chrome, m'dziko la chinyezi ngati limenelo. Makoko anayamba kukanirira m'kati. Pa nkhondo ya m'mapiri a pafupi ndi Khe Sanh mu 1967 panamveka malipoti a asilikali opezeka atafa pambali pa mfuti zawo zokanirira, ena atazimasula poyesa kuzikonza. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Richard Ichord, imene inatulutsa lipoti lake mu Okutobala 1967 ndipo inadzudzula kwambiri akuluakulu a asilikali. Anakonza mfutiyo, anagawa zida zotsukira, ndipo mu 1968 anasindikiza kabuku ka zithunzi zojambulidwa ndi Will Eisner kophunzitsa anyamata kutsuka mfuti. Sikuti WD-40 ndi amene anapha anyamata aja. Chinawapha ndi akuluakulu amene anasintha wonga mosasamala, pamodzi ndi nthano yokoma yoti ntchito yotopetsa ija yatha, sayansi yaithetsa. Nthano ya kachitini kathu ndi yamtundu womwewo, kungoti yafika mochedwa ndipo ikugulitsidwa pa hadiweya.

Tsono ndibwere kwa inu aphunzitsi anzanga, chifukwa mkwiyo wanga waukulu suli pa mlonda. Chiganizo choti zofanana zimasungunula zofanana timachilembetsa pabolodi chaka chilichonse. Ana amachiloweza, amachilavula pa pepala la MANEB, n'kuchisiya pageti la sukulu pamodzi ndi tayi. Tikafunsidwa timati tilibe labu, ndipo m'masukulu ambiri a CDSS zimenezo n'zoona. Koma kuti mwana aone ndi maso ake kuti mchere susungunuka m'mafuta pakufunika labu yanji? Mabotolo awiri a Sobo, madzi, mafuta ophikira ndi mchere wa m'khitchini ya sukulu. Tinazolowera kufulumira kuti timalize silabasi, ndipo mutu wa dzimbiri timauthamanga m'mapiriyodi awiri: misomali itatu yojambula pabolodi, wina m'madzi, wina m'madzi owiritsa okutidwa ndi oyilo, wina mouma. Chithunzi chachiwiricho n'chimene chimawasocheretsa. Mwana amatuluka akudziwa kuti oyilo amaletsa dzimbiri, basi. Palibe amene anamuuza kuti zimatero pokhapokha chitsulocho chili choyera poyamba.

Ndamvaponso mnzathu wina m'chipinda cha aphunzitsi akunena kuti kutchula mfuti m'kalasi n'kuphunzitsa ana umbanda. Mbava siidikira phunziro la Chemistry, bwana. Ndipo simukufunika kutchula mfuti n'komwe ngati mawuwo akukuopsani. Khasu, chikwanje, malata a m'mphepete mwa nyanja, njinga ya kabaza, zonse zimamvera lamulo lomwelo.

Kwa amene akufuna kuyesa teremu ino, nayi njira yosafuna ndalama. Tengani misomali inayi yatsopano, muikwechese ndi sandipepa mpaka iwale. Itatu muiviike m'madzi a mchere wambiri n'kuisiya iume padzuwa. Woyamba mwa itatuyo muusiye choncho. Wachiwiri muupopere kachitini kaja osaupukuta, monga amachitira anzathuwa. Wachitatu muutsuke m'madzi otentha, uume, muupake kadontho ka oyilo wa makina. Wachinayi, umene sunakhudze mchere, mungoupaka oyilo. Muiike yonse m'chidebe chotseka momwe muli kansalu konyowa pambali, kosakhudza misomaliyo, ana alembe tsiku, ndipo aziyang'ana Lolemba lililonse kwa mwezi umodzi. Musawauziretu yankho, alembe okha chimene akuganiza kuti chichitika, asayine, mapepalawo musunge m'kabati.